Mng'alu wa pakhonde la amayi

Sheffield, Mangalande
14 Julaye 1986

Okondedwa achemwali a Anesi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana onse ku Likhubula kumeneko. Nanga mwendo wa amayi ukuti bwanji ndi chiperoni cha mwezi uno? Ine kuno ndili bwino, kungoti m'mphuno mukungotuluka madzi. Adokotala akuti ndi fumbi la udzu wa nyengo ino. Munthu wokulira m'minda ya tiyi kudzagonja ndi udzu wa Azungu, zamanyazi.

Kalata yanu ndinalandira Lachiwiri lapitali pamodzi ndi chithunzi. Envelopu inafika yomatidwa kawiri, ndiye kuti ena anayamba awerengako panjira. Zilibe kanthu, mwina nawonso kwawo kuli makonde. Pachithunzipo amayi akuoneka bwino atakhala pamkeka pakhonde latsopanolo. Ndinakondwa mpaka pomwe ndinatembenuza tsamba lachiwiri. Sindikubisirani, ndikulemba ino ndili wonyansidwa.

Mwalemba kuti pansi pa bimu, mtanda wakonkire uja wanyamula denga la khonde, patuluka mng'alu wotsata m'litali mwake, ndipo kukagwa mvula pamadontha madzi ofiira. Mwati Loweruka lililonse mumaumata ndi dothi lomwe mumazirira pansi, n'kupakapo laimu, koma pofika Lachitatu wayasamanso. Ndiye mwapempha kuti ndikutumizireni penti wa kuno wobisa ming'alu. Penti ameneyo sinditumiza, achemwali. Khoma la dothi likang'aluka, kumata n'kokwanira, ndipo inu dzanja lanu pa zimenezo ndi labwino kuposa la wina aliyense pamudzipo. Koma konkire si dothi. Mng'alu umene ukubwerera sabata ndi sabata ukukuuzani kuti m'katimo zinthu zikuyenda, inu n'kumautseka pakamwa.

Mumakonda kundiseka kuti kodi ndimaphunzira chiyani chosatha zaka zonsezi. Lero ndikuuzani, chifukwa ndi chomwechi chili pamwamba pa mutu wa amayi. Konkire ndi wolimba ukamupsinja, koma ukamukoka amaduka. N'chifukwa chake timaikamo zitsulo. Zitsulozo zili ndi timizere totundumuka kuti zigwirane ndi konkire. Pamwamba pakalemera, chitsulo chimakokeka, ndipo timizere tija timakankha konkire amene wachikuta. Ngati konkireyo ndi wochepa, amang'aluka motsata chitsulocho, monga imachitira nsungwi ukailowetsa mpeni kumutu. Zikatero chitsulo chilibenso pogwira, chimangosololoka.

Ntchito yanga ndi ya mng'alu umenewu basi. Timaumba mabimu m'chipinda choyeseramo, n'kumawapsinja ndi makina mpaka athyoke. Kenako miyeso ya bimu yomweyo ndimaipereka ku kompyuta, makina owerengetsera amene ali ndi chipinda chawochawo. Kompyutayo imagawa bimu m'tizidutswa mazanamazana, n'kuwerengetsa mphamvu imene ikukoka kachidutswa kalikonse. Kamene kagonja imakalembera chizindikiro papepala. Ukalondola zizindikirozo, waiona njira ya mng'alu bimu isanathyoke. Timaikanganirana kompyutayo, ndipo ukalakwitsa nambala imodzi umadikira mpaka mawa.

Chaka chatha ndinakutumizirani pepala lojambula bwinobwino khonde limeneli. Ndinalemba m'Chichewa kuti zitsulo zikhale zathunthu. Ndinati ngati n'kulumikiza, zipitirirane mkono wonse, komanso osati pakati pa bimu. Ndinatinso pansi pake aikepo timiyala kuti konkire azikute zala ziwiri. Inu mwandiuza monyadira kuti pepalalo munaliika m'felemu pabalaza, pafupi ndi kalendala, kuti alendo aziona zochokera ku Mangalande. Ine ndinalijambula kuti alamu alitenge pantchito, lide ndi simenti, ling'ambike n'kung'ambika. Silinali duwa ayi.

Alamu a Jailos nawonso alembako mizere yawo m'munsi mwa kalata yanu, modzitama ndithu. Ati anapatsidwa zidutswa za zitsulo zotsala pomanga fakitale ku esiteti ya tiyi, anazilumikiza pakatikati penipeni zitapitirirana chikhatho chimodzi, n'kuzigoneka pathabwa popanda kanthu pansi. Ati za papepala langa ndi za nyumba zosanja za Azungu, pamudzi n'kungotaya zitsulo. Kodi konkire amadziwa kuti uyu ndi Mzungu, uyu ndi Mlomwe? Madzi ofiira mukuonawo ndi dzimbiri la zitsulo zimene zatsala pang'ono kukhala pamtunda.

Chimene chandiimitsa mutu kwambiri ndi mawu anu omaliza. Mwati ubwino wa dengali ndi wakuti n'lafulati, mbuzi ndi nkhuku sizifikako, choncho mwezi wamawa mukakumba chinangwa, makaka onse, anu ndi a anansi, mukawayanika pamwamba pomwepo. Ndiye kuti chinangwa chachiwisi cha minda itatu, anthu awiri akuchitembenuza, ndipo pansi pake amayi, amene ndi mwendo wawo uja amatenga nthawi kuti adzuke pamkeka.

Lachinayi ndinatenga miyeso ya alamu monga aipereka okha, n'kuipereka ku kompyuta. Ndinayamba ndi denga lopanda kanthu. Pepala linatuluka ndi kamzere kakafupi pansi pa bimu, pakatikati, ndendende pomwe inu mwanena kuti mumamata. Kompyutayo sinafikeko ku Likhubula, alamu siiwadziwa, ilibe nawo chifukwa. Kenako ndinayamba kuwonjezera katundu thumba limodzilimodzi. Ndisanafike matumba khumi ndi anthu awiri, mzere uja unathamanga mpaka kumapeto kwa polumikizira, ndipo kompyuta inasiya kuwerengetsa. Ikasiya chotero ndiye kuti palibenso chimene chagwira bimu.

Sindikuti kompyutayo ndi mneneri. Tsiku siingalidziwe, ndipo nambala ya matumba ikhoza kuphonya. Koma ine ndinaiuza kuti konkire ndi wabwino ngati wa kuno, pamene ndikudziwa kuti alamu simenti amaiumira. Ngati yaphonya, yaphonya mowakomera mtima.

Bimu yokhala ndi zitsulo zoikidwa bwino imachenjeza. Imayamba yawerama, anthu n'kuona, n'kuthawa. Ya mtundu uwu siichenjeza. Mabimu otere ndawaona ambiri akuthyoka m'chipinda chathu, ndipo nthawi zonse ndimadzidzimuka ngakhale ndikudziwa kuti zichitika. Imangolira kamodzi, ili pansi. Ife timaima kuseri kwa waya, titavala zipewa zolimba.

Pepala la kompyuta lija anandipeza nalo aphunzitsi anga, bambo wachikulire wofatsa. Analiyang'ana, n'kufunsa kuti bimu yoipa chonchi ndaitenga kuti. Achemwali, ndinanama. Ndinati ndangoipeka kuti ndiyese kompyuta. Iwo anaseka, n'kunena kuti ndisataye nthawi ya makina pa zinthu zimene munthu sangamange. Inenso ndinaseka nawo. Chiseko chimenecho chikundinyansa kuposa zonse, chifukwa ndinateteza ulemu wanga m'malo monena kuti pansi pake pamakhala mayi wanga.

Ndikudziwa chimene chikukumangani pakamwa. Alamu akhala pamudzi pathu zaka khumi ndi zinayi anthu akuwanena kuti ndi mkamwini wongodziwa kudya. Lero amanga chinthu chimene anthu akuchokera ku Chinakanaka kudzaona, ndipo inu simukufuna kuwagwetsa nkhope. Inenso sindikuwada. Njerwa amayala mowongoka, ndipo khondelo anamangira apongozi awo ndi mtima wabwino. Koma mtima wabwino sunyamula denga, ndipo manyazi a kuchirikiza khonde ndi aang'ono poyerekeza ndi amene angawapeze likagwera munthu.

Pempho langa ndi limodzi. Tsiku lomwe mulandire kalata ino, osati mawa lake, dulani mabulugamu atatu aakulu ngati ntchafu. Muwaimike pansi pa bimu, wina pakati penipeni, awiriwo uku ndi uku motalikirana mkono umodzi, thabwa lochindikala pansi ndi pamwamba, muwakhomerere mpaka athine. Makwerero a padengapo muwachotse, mukawasungitse kwa amalume a Isake. Pamwambapo pasakwere munthu, pasaikidwe ngakhale lichero limodzi. Makaka muyanike pathandala monga tinkachitira kale, mbuzi zidyeko zimene zingadye. Mng'aluwo musaumatenso, usiyeni poyera kuti muziona ngati ukukula. Ndikabwera chaka chamawa, tidzagumula bimuyo ine ndi alamu, tidzaumbe ina limodzi.

Ngati zikukuvutani kuwauza, aitaneni amalume, muwapatse alamu kalata ino awerenge okha pamaso pawo. Mlandu wonse ukhale wanga. Anene kuti sukulu yandikuza mtima, anene kuti ndikulamula mudzi ndili kutsidya la nyanja, ndivomera. Kuli bwino ndidzafike alamu osandipatsa moni kusiyana ndi kuitanidwa ndi telegalamu. Ndipo mudziwe kuti kuno n'kutali. Telegalamu ikandipeza, ndidzafika mutaika kale.

Mundiyankhe msanga, ndipo m'kalatamo muikemo chithunzi cha mizati itatuyo. Mawu okha sindikhulupirira, ndikukudziwani pa nkhani yokometsa zinthu.

Mundiperekere moni kwa amalume a Isake ndi akazi awo, kwa azakhali ku Nkando, ndi kwa ana onse. Mwa anawo, Millie mumuuze kuti ndamva zoti wakhoza mayeso, ndakondwa. Alamu a Jailos moni wawo ndi wapadera, alandire kapena akane.

Amayi muwauze kuti ndimawakumbukira tsiku lililonse. Ndikudziwa kuti kalata zanga mumawawerengera pakhonde. Ino yambani mwawadzutsa, muwagwire dzanja, mukawakhazike pabwalo, kenako muwerenge.

Ndatha ine mlongo wanu,
Elson