Nambala ya pachiliza cha abambo

Achimwene,

Pepani pokuvutitsani ndi kalatayi, ndikudziwa kuti ku Joni kumeneko ntchito sikupatsani mpata. Kuno tili bwino, kupatula amayi omwe mawondo akuwavutabe. Kaya inu ndi alamu?

Nkhani ndi ya mutu wa sitima yapasenjala, wadizilo uja ankayendetsa abambo. Poyamba unali wa boma, kenako kampani ina inautenga n'kuupaka penti wina. Iwo atatopa nawo anaugulitsa kwa ogula zitsulo, koma sanaudule, wangokhala ukuchita dzimbiri pasiteshoni. Tsopano waugula mwini loji ina ya ku Senga Bay kuti alendo azijambulitsapo.

Lolemba kunabwera manejala wa lojiyo, a Phiri. Akufuna nambala yamkuwa ya mutuwo, ija abambo anabwera nayo kunyumba nthawi yopaka penti. Ndinawauza kuti tinaimata ndi simenti pachiliza chawo.

Iwo anati, "Mayi, mapepala akuti tagula mutu wonse. Nanga nambalayo ndi ya njinga?"

Ine ndinati, "Ndi ya mutu ndithu, koma munthu wamkazi sapita yekha kumanda ndi hamala."

Anaseka, koma anati abweranso mwezi ukatha. Ndafunsa kawiri kusiteshoni ngati abambo anachita kupatsidwa nambalayo, palibe akukumbuka. Ndikuopa kuti angatchulidwe akuba kupolisi iwo ali m'manda.

Mulungu akusungeni. Mwinimbumba ndinu: tigumule chiliza kapena tikane? Chonde ndiyankheni lisanafike Lamulungu lomaliza la mwezi uno, kuti ndidziwe chowauza adzukulu a kumanda.

Ine mlongo wanu,
Esinati