Ng'ombe Sizidziwa Maliro

Ku famu ya mkaka,
Chongwe,
19 Ogasiti 1956.

Mlongo wanga Eneless,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wako, wa alamu anga a Matthias ndi wa ana onse kwathu ku Katete. Kaya chifuwa chija chinakuleka? Kuno tilipo, ine, mlamu wako Selestina ndi kamwana kathu Lister, kamene pakamwa sikapuma masiku ano.

Kalata yako ndinalandira. Ukuti papita miyezi itatu chiwaikireni amayi m'manda, koma abale akukana kumeta maliro chifukwa ine mwini mbumba sindinafike. Ukutinso chimera chinauma kalekale chikudikira ine. Ndawerenga kawiri, ndipo manyazi andigwira.

Paja ndinakulembera kuti bwana anandikaniza tchuthi. Ndinanama, mlongo wanga. Sindinapemphe n'komwe.

Telegalamu ya maliro inandipeza sabata lomwe anandipatsa ukapitao wa okama ng'ombe. Ndinayang'ana Yoramu, mnzanga amene ankaufuna mpandowo ndi maso ofiira, ndinati ndikangochoka ndidzampeza ataukhalira. Ndinapinda telegalamuyo, n'kuika m'thumba, n'kupita kukakama.

Ukapitaowo ndi uwu: ine ndiye ndimaliza chitsulo choitanira anthu ku ntchito, ine ndiye ndimatseka khola. Lole ya mkaka yopita ku Lusaka siidikira munthu. Ng'ombe sizidziwa Sabata, sizidziwanso maliro. Ndimachoka Lister asanadzuke, pobwera ndimampeza atagona.

Lachiwiri lapitali ndinathamangira kunyumba masana kukatenga chingwe. Mwana atandiona anathawira kumbuyo kwa amake akukuwa kuti, "Amama bisalani, ba kapitao abwera!" Ndi mmene amachitira ana a m'komboni muno akandiona. Selestina sanaseke. Anandifunsa ngati ndikufuna kuti mwana ameneyu nayenso adzapinde telegalamu yanga n'kuika m'thumba.

Mawu amenewo anandilasa. M'mawa mwake ndinavula chipewa pakhomo pa bwana n'kupempha masabata awiri okha. Iye anakoka dirowa, nandionetsa chitupa changa, nati ng'ombe zikubereka mpaka mvula itagwa. Anati ndikapita alembamo kuti ndinathawa ntchito, ndipo nyumba ya m'komboni alowamo Yoramu tsiku lomwelo. Anabwezamo chitupacho n'kukhoma.

Popanda chitupa, apolisi akanditsitsa m'basi ndisanawoloke Luangwa. Ndikachitenga cholembedwa kuti wothawa, palibe famu ingandilole. Nanga mvula ikagwa bwana adzati chiyani? Adzati ana a ng'ombe akudwala. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndavumbwa zenizeni. Ndimaliza chitsulo chija ndekha, koma woyamba kuchimvera ndine.

Tsono imva pempho langa. Lero titatha kukama, ndinakhala pa mpando wokamira kuseri kwa khola, Selestina n'kundimeta mpala ndi lumo. Anzanga amaseka, ati kapitao wagwidwa nsabwe. Ndinawasiya aseke. Ndinalira amayi pamenepo, koyamba chilandirireni telegalamu ija.

Kapepala kopinda kali m'kalata muno ndi tsitsi langa. Usalionetse munthu wamba, ukudziwa mmene anthu alili. Uwauze akuluakulu asandidikirenso. Fululani, metani, mzimu wa amayi upumule, ndipo tsitsi langali ukaliike pamodzi ndi lanu. Ndi lokhali limene latha kutuluka pa famu pano popanda chitupa.

Ukapita kumanda, usakandikometse kwa amayi. Ankadana ndi bodza kuposa njala. Ukawauze kuti mwana wawo Yotam sanakanizidwe tsiku lija, anasankha yekha ng'ombe za eni ake, ndipo tsopano akufuna kubwera koma njira yatsekeka.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a Rosaria ndi kwa onse amene akali ndi mtima wondiyankha. Mulungu akusungeni, akupatseni mvula yabwino.

Ndine mlongo wako,
Yotam Phiri