Telesikopu yanga inaloza kubafa kwa eni

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa jogalafe pasekondale ina yoyendera kuno ku Chiringa. Kwathu ndi ku Rumphi, ndipo chino ndi chaka changa chachiwiri ku Phalombe. Ndikulemba mtima uli m'mwamba, chifukwa Loweruka la sabata yamawa komiti ya sukulu ikhala pansi pa nkhani yanga, ndipo ndikhoza kuchotsedwa kuno ndi mbiri yoti ndimasuzumira akazi a eni akamasamba.

Gwero lake ndi telesikopu, chipangizo choonera mwezi ndi nyenyezi, chomwe ndakhala ndikuchilakalaka kuyambira ndili kupulayimale. Patchuthi chapitachi ndinazipeza ziwiri m'shopu ina ku Limbe: ina yaifupi yonenepa, ina yaitali yowonda ya miyendo itatu. Ndinatenga yaitaliyo poti pakatoni pake analemba kuti imakulitsa chinthu ka 675. Sindinafunse munthu.

Kabuku kake kamati musanaigwiritse ntchito usiku muyambe mwaiwongola masana. Mumaloza chinthu chakutali chosasuntha, n'kumapotokola timasikuluu mpaka kachubu kakang'ono kolozera kagwirizane ndi chubu chachikulu. Lamulungu masana ndinaiimika pakhonde n'kuloza nsanja ya mafoni yomwe imaonekera kutsidya kwa munda wa nandolo. Sindinaganize kuti mzere wochoka pakhonde panga kukafika kunsanjako umadutsa pamwamba pa bafa la udzu la bambo Jonasi, eni nyumba yomwe ndimakhala.

Ndinene zoona, aphungu. Pofunafuna nsanjayo diso linadutsa pampanda wa bafalo, ndipo ndinaona udzu ndi chitenje choyanika, zonse chadodolido poti chipangizochi chimazondotsa zinthu. Munthu sindinamuone. Koma m'katimo munali mayi Bertha, akazi a bambo Jonasi, ndipo potuluka anapeza chimchubu chikuwaloza, ine nditawerama, diso lili pomwepo.

Kutangoda bambo Jonasi anabwera ndi alamu awo awiri. Mpando anaukana. Anati, “Aphunzitsi, ife tinakulandirani ngati mwana wathu. Ngati ichi n'choonera kumwamba, tionetseni kumwambako.”

Pofuna kuwagometsa ndinaika kagalasi kamphamvu kwambiri, kolembedwa 4, n'kuwonjezera kachubu kena kochulukitsa mphamvu. Mwezi unali usanatuluke, ndiye ndinasakasaka nyenyezi yowala. Miyendo ija inkangogwedera, nyenyezi osapezeka. Onse atatu anaika diso, onse anaona mdima. Mlamu wina ndiye anati, “Kumwamba sichiona ichi. Chimaona pansi basi.”

Kuyambira tsiku limenelo mayi Bertha sasambanso pakhomo pawo, amasenza ndowa kukasamba kwa achemwali awo. Makolo ena aletsa ana awo aakazi kudutsa njira ya kwanga. Dzulo pamsika ndinamva wina pokamba za chipangizochi akutchula za anamapopa, opopa anthu magazi aja, ndipo inu mukudziwa zomwe mphekesera zoterezi zinachita m'boma lino. Ndikuopa kwambiri. Ahedi akuti ndidzabwere nacho chipangizocho kukomiti. Mnzanga Cornelius akuti ndikangochiphwanya pamaso pa anthu nkhani itha. Kodi nditero, kapena ndipemphe transifa manyazi asanandigwere?

W.M., Chiringa

Aphunzitsi,

Musachiphwanye ndipo musathawe. Mukaphwanya, anthu adzati mwawononga umboni. Mukathawa, mbiriyo idzakwera minibasi ya ku Migowi inu musanalongedze n'komwe, ndipo mudzaipeza ikukudikirani kusukulu yatsopanoyo.

Safunsa anadya phula, ndipo inu mwadya kawiri. Kushopu kuja munagula nambala ya pakatoni. Telesikopu yabwino kwa oyamba kumene imadziwika ndi kukula kwa galasi lake ndi kulimba kwa poimira pake, choncho yaifupi yonenepa ija mwina ndiyo inali yanu. Kachiwiri, munaimika chinthu chachilendo pakhomo pa eni osawauza kuti n'chiyani. Ndikukhulupirira kuti simunasuzumire munthu, koma mayi Bertha sanalakwe kukhumudwa. Iwo anaona zomwe anaona.

Yambani ndi kupepesa, ndipo musadikire komiti. Pemphani munthu wamkulu amene banjalo limamulemekeza, kaya wa kumpingo kwawo, akuperekezeni masana. Musapite ndi Cornelius, ndipo musapite kukaphunzitsa jogalafe. Nenani momwe mwandiuzira inemu, za udzu ndi chitenje zomwe. Tengani kabuku kaja muwaonetse tsamba lonena za kuwongola masana. Akakukalipirani, landirani.

Tsono chipangizocho. Sichinafe ayi, munangochisenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Chotsani kagalasi kolembedwa 4, ndipo kachubu kochulukitsa mphamvu kaja kabwezereni m'katoni. Ikani kagalasi ka nambala yaikulu, 20 kapena 25. Kameneka kamakulitsa pang'ono koma kamaonetsa malo aakulu ndi owala, ndiye chomwe mukufuna sichivuta kupeza. Miyendo musaitambasule yonse, isiyeni yaifupi, mumange bwino sikuluu iliyonse, ndipo pakati pake mulendewetse thumba la mchenga kuti isagwedere. Musalozenso nyenyezi pofuna kugometsa anthu, chifukwa nyenyezi ngakhale m'chipangizo chodula imangooneka kadontho. Lozani mwezi.

Ndayang'ana kalendala. Pakati pa sabata yamawa mwezi udzakhala ukuyandikira theka, ndipo udzakhala uli kale kumwamba dzuwa likamalowa. Nthawi yabwino ndi yomweyo, chifukwa m'malire mwa kuwala ndi mdima maenje ndi mapiri a pamwezi amaoneka bwino, ngakhale ndi chipangizo chofooka ngati chanucho. Chinyamuleni masana, poyera, kupita nacho kusukulu, chizisungidwa mu ofesi ya ahedi. Yesererani pabwalo la mpira Lolemba ndi Lachiwiri, ahedi ali pomwepo, mpaka muziupeza mwezi msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muyesenso kuwongola kachubu kolozera kaja pa mwezi womwewo, osati pa chinthu chilichonse cha pansi.

Kenaka itanani a komiti ndi banja la bambo Jonasi Lachitatu kusanade. Ndikuti Lachitatu kuti chiperoni chikaphimba kumwamba mukhale ndi masiku ena awiri. Munthu akaika diso, inu ikani manja kumbuyo, mungobwezeretsa mwezi ukasuntha. Za anamapopazo musazitenge mwachibwana. Uzani ahedi lero lomwe, ndipo mukamva kuti anthu akusonkhana, pitani kupolisi osazengereza.

Machenjezo anga ndi awiri. Musadzaloze dzuwa ndi chipangizochi, ngakhale kamphindi, chifukwa diso limapsa osachiranso. Ndipo musayembekeze kuti mwezi ukupepeserani. Ukhoza kutsimikizira komiti kuti chinthucho chimaona kumwamba, koma sungabweze ulemu wa mayi amene akusenza ndowa kudutsa m'mudzi, anthu akuwayang'ana, chifukwa cha inu. Akavomera kubwera Lachitatulo, apampando a komiti adikire, ahedi adikire, bambo Jonasi nawo adikire. Woyamba kuika diso akhale mayi Bertha. Akakana kubwera, musawakakamize, ndipo musadzione ngati mwapambana kufikira tsiku lomwe adzasambenso pakhomo pawo.

Aphungu