Amayi Afunditsa Seva Bulangete

Chitakale, Mulanje
12 Julayi 2023

Okondedwa achemwali anga a Jacqueline,

Paja foni inaduka ndili pakhomo, dzanja lili pachitseko. Mayunitsi anandithera pokoma penipeni, ndiye ndati ndingolemba. A Paul oyandikana nafe akubwerera ku Cape Town Lachisanu, akupatsirani.

Tsono nditalowa m'nyumba ndinamva fungo ngati munthu waiwala simbi pamalaya. Ndinafunsa amayi ngati akusita. Iwo ali phee pampando, akusenda nandolo, akuti palibe akusita kuno. Nditayang'ana pakona pamene pamakhala seva yanga, seva osaiona. Ndinaona phiri. Pansi chitenje, pamwamba pake bulangete, pansonga penipeni jekete lakuda la malemu abambo lija ankavala popita kutchalitchi.

Koma dikirani, inu seva simukuidziwa. Mumakhala kunja, koma pa nkhani ya makina mumangotha kuyatsa ketulo basi. Seva ndi kompyuta yosagona imene imasunga makanema, nyimbo ndi zithunzi za banja lonse. TV ya amayi, foni yanga, ngakhale foni ya mlendo, zonse zimakatunga kumeneko ngati pamjigo. Kuchokera pa Boma mpaka ku Muloza, munthu amene ali nayo pakhomo ndi mmodzi yekha, ndipo ndi amene akulemba kalatayi. Aphunzitsi aja ankati Wyson sadzadutsa Folomu 2 ananena zoona, koma abwere adzaone.

Thupi lake ndi kompyuta yakale imene ankataya ku ofesi ya ku esiteti ya tiyi. Ndinapita nayo kwa Christobel, mayi wokonza mafoni ndi makompyuta pa Chitakale pano. Ataitsegula munatuluka fumbi loti munthu nkudzalamo chimanga. Anati ubongo wake ukadali wamphamvu koma memore, pokumbukira pake, ndi yochepa, ndiye tinaonjezera mpaka magigi asanu ndi atatu. Kenako tinalowetsa madisiki awiri munatumiza aja, iliyonse matera anayi. Achemwali, m'matera anayi mungaikemo mafilimu oti muonere kuyambira lero mpaka mano onse atatha mkamwa. Waya wa netiweki ndinakoka ndekha kudutsa kudenga mpaka parauta, kabokosi kogawa netiweki m'nyumba, poti kanema wodzera pa waifai amachita chibwibwi akakumana ndi khoma. Ndinaikanso batire ndi inveta kuti magetsi akathima disiki isadzidzimuke ili pakati pa ntchito. Ine ndinkalamula, Christobel nkumamanga masikuluwu.

Tsiku loyatsa tinayamba ndi kanema wa pachinkhoswe chanu. DVD yake inali itachita chuku ndi chinyezi cha kuno, ndipo Christobel anakopera mwamwayi isanafe. Abambo anangotulukira pa TV akuvina tchopa, fumbi lili koboo, kenako nkuima pakati pa bwalo kukulangizani m'Chilomwe. Amayi anaimirira nkuwayankha kuti, "Eya, muuzeni." Kuchokera tsiku limenelo, Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi amati, "Wyson, tandiitanira abambo ako." Ine ndimangodina kamodzi, abambo afika. Pali mwana wina m'banja muno anachitapo zotere?

Sabata yatha ndinapita ku Limbe ndi lole ya tiyi, masiku atatu. M'mbuyo muno kunagwa chiperoni choti ngakhale agalu anasiya kuuwa. Pobwera ndi pamene ndinapeza phiri lija.

Ndinafunsa kuti, "Amayi, ichi n'chiyani?"

Iwo anati, "Wailesi ndimaifunditsa. TV ndimaifunditsa. Tsono mmene muli abambo akomo ndisiye pamtetete?"

"Amayi, makinawa amapuma ndi fani. Amafuna mphepo."

"Mphepo? Munthu uja ankadana ndi mphepo moyo wake wonse. Nditaika bulangete ndinamva chikubuula ngati munthu wa malungo, ndiye ndinaonjeza jekete."

Mwamva, achemwali? Fani ikamalira chifukwa cha kutentha, iwo nkumaonjeza chofunda.

Nditafundukula, chitsulo chinali choti nkukazingirapo chimanga. Disiki imodzi inkangogogoda ngati nkhuku yojompha palata. Christobel atabwera anaiika pakhutu, nkupukusa mutu. "Achimwene, iyi yatisiya." Koma musadandaule. Mlongo wanu amaganiza patali. Madisiki awiri aja amakoperana, chimene chili mu iyi chili mu inayo. Ine ndinangoseka, zonse zili bwino.

Pano seva ndaikweza. Ndakhoma shelefu pamwamba pamene amayi safikira ngakhale atakwera pampando, ndipo ndaonjeza fani yachiwiri yolira ngati ndege ya ku Chileka. Tinakambirana nthawi yaitali, mapeto ake tinagwirizana kuti jekete lizipachikidwa pamsomali pambali pake koma lisakhudze. Mukapeza disiki ina tumizani, muwauze ogulitsawo kuti mukufuna ya makina osagona. Ikafika ndikonza zoti inunso muzitunga muli konko. Mudzangokhala pampando ku Cape Town, zithunzi za ku Mulanje nkumabwera zokha. Anzanu akadzafunsa wapanga ndani, musachite manyazi kutchula dzina.

Kuno tonse tili bwino, kupatula chifuwa cha amayi chimene chikutha. Mapeyala a kuseri aja abereka mpaka nthambi ina yathyoka. Moni kwa alamu anga a Harold. Muwauze kuti pachithunzi munatumiza chija ndaona mutu ndi wawo ndithu, koma mimba sindikuidziwa. Ana muwauze kuti malume awo tsopano ndi munthu wamkulu.

Pepala likutha, achemwali, ndipo pali chimodzi ndanama pamwambapa. Madisiki aja sankakoperana. Christobel anandiuza katatu kuti tichite choncho, koma ine ndinaona ngati kuwononga malo, matera anayi athunthu kumangobwereza zomwezo. Ndinamuuza kuti awasiyanitse, ndipo yachiwiriyo ndinadzazamo mpira ndi mafilimu a karate. Amenewo onse ali moyo. Kanema wa abambo anali mu imene yafayo. Lamlungu lapitali ndinauza amayi kuti makina akupumula. Likubwerali sindikudziwa kuti ndidzanena chiyani. Christobel wapita nayo disikiyo kwa mnzake ku Blantyre, koma ponena kuti mwina zitheka kupulumutsa kanemayo sanandiyang'ane kumaso.

Ndikukumbuka kuti pochoka kuno munakopera kanemayu pa kafulashi kofiira. Chonde kafunefuneni m'masutikesi, m'zikwama zakale, m'matumba a majekete, paliponse. Mukakapeza musathamangire kukapatsa munthu wobwera kuno. Yambani mwakopera pawiri kapena patatu. Mundikalipire mmene mungafunire, ndimva, koma amayi musawauze kaye.

Iwo akupereka moni wambiri. Akuti mukadzabwera pa Khirisimasi mudzakhale nawo pampando umodzi, mudzamvenso zimene abambo anakuuzani tsiku lija.

Ine mlongo wanu,
Wyson