Kwathu Sitidula

Mayani,
Dedza.
9 Julaye 2024

Okondedwa Achemwali Sungeni,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Mzuzuko. Kuno chisanu chatikhwimitsa, koma kachewere takumba wambiri. Kalatayi muwerenge muli nokha. Pafoni sindikanatha, pakuti netiweki ya kuno timaipezera pachulu, pomwe aliyense wopita kudimba amamva.

Mukudziwa kuti ankhoswe anaitanidwa kuti ukwati wanga ndi a Levison uthe, ati chaka chadutsa ndilibe pathupi. Apongozi anga aakazi anali atandiimba kale mpaka ku mphakati, kuti mwana wawo anaweta nkhuku yosaikira. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti chikwatiranireni a Levison sanakhalepo nane bwinobwino. Akayesa ankangobuula n'kutembenukira kukhoma. Ine ndinkati ali ndi wina ku Chimbiya kumene amagulitsa matabwa, ndipo mtsikana aliyense wogulitsa tomato kumeneko ndinkamuyang'ana ndi diso lofiira, osalakwa.

Sabata yatha m'mawa sanapite kuphiri kukacheka. Ndinawapeza kubafa atagwira mpanda, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho.

"Magadalena, kaitane wanjinga yamoto," anatero. "Amayi asamve."

Kuchipatala adokotala anandilowetsa, eni ake atavomera. Achemwali, zimene ndinaona zinandiumitsa thupi. Adokotala anandifotokozera kuti khungu la kunsonga kwa maliseche awo ndi lothina chibadwire, silibwerera m'mbuyo, ndipo akakhala nane limang'ambika. Atamva za ankhoswe, a Levison anaulula kwa mnzawo wocheka naye matabwa, Dominiko, ndipo dokotala wa macheka ameneyu anawalangiza kuti alikoke mwamphamvu kamodzi n'kamodzi. Linabwereradi, koma linakanirira komweko ngati mphira womangira katundu panjinga. Nsonga inali itatupa ndipo inayamba kuda.

Munthu wamkulu uja, amene amasenza thabwa laliwisi kutsika nalo phiri, anali kulira.

"Adokotala, chonde musandidule. Kwathu sitidula."

"Palibe wagwira mpeni pano, bambo," anayankha adokotala. "Mayi, thamangani kugolosale mukagule shuga."

Ndinathamanga ndikudabwa kuti munthu ali m'mavuto otere angamwe bwanji tiyi. Nditabwera, adokotala anathira shugayo potupapo n'kukulungapo kansalu, ati amakoka madzi kuti chotupa chiphwe. Ine kukamwa kunali yasa. Patapita nthawi anakanikiza pang'onopang'ono mpaka khungu linabwerera pamalo pake, ndipo anati tikanachedwa ikanakhala nkhani ina.

Anatipatsa kachubu ka mankhwala opaka. Anati pakapola, tsiku lililonse akatha kusamba azipaka n'kukoka khungulo mofatsa, akangomva kuthina alekere pomwepo, kenako alibwezere kutsogolo. Ati kwa ambiri limamasuka pakapita masabata angapo. Zikakanika tidzapitenso, koma kudula ndi njira imodzi chabe, ndipo wosankha ndi mwini thupi. Panjira ndinali ndi chisoni komanso ukali. Chaka chathunthu ndikutukwanidwa, kumachita kuti mankhwala ake akukwana m'thumba la malaya.

Ndinkayesa kuti kudabwa kwathera pamenepo. Tinapeza apongozi pakhonde akusola nyemba. Palibe amene anawauza kumene tinapita, koma atangoona kachubu kaja m'manja mwanga anafunsa kuti, "Sanamudule?"

Ndinati, "Amayi, mwadziwa bwanji?"

"Ali mnyamata anesi anandiuza kuti ndipite naye kwa adokotala akamuone," anatero, manja ali panyemba. "Malemu bambo ake anakana, ati akamudula. Ine ndinkati zidzatha zokha akadzakwatira."

"Ndiye pamene mumanditchula nkhuku yosaikira munkadziwa?"

"Nanga anthu ndikanawauza chiyani, mwanawe? Mkazi akabwerera kwawo, mawa anthu aiwala. Koma mwamuna akamuseka, amamuseka mpaka kumanda."

Sanachite ndi manyazi omwe. Anandipemphanso kuti ankhoswe akabwera Loweruka ndidzanene kuti ndayamba kumwa mankhwala a m'mimba, kuti nkhani ingozizira. A Levison anali ataima pakhomo akumva zonse. Mumtima ndinati basi, Loweruka ndikulongedza.

Loweruka linafika. Amalume athu a Vinsenti anakhala pampando, nkhoswe ya kuchimuna, a Ezara, pampando wina, ife pamphasa. Apongozi anayamba ndi kale lomwe kuti mtsikanayu tamupirira mokwanira. Asanamalize, a Levison anaimirira, n'kutulutsa kachubu kaja m'thumba, n'kukaika pansi pakati pa onse.

"Vuto lili ndi ine, amalume," anatero. "Mkazi wanga alibe mlandu. Amayi akudziwa chiyambire ndili mwana."

Ndipo anafotokoza zonse, za khungu, za Dominiko, mpaka za shuga. Amalume a Vinsenti anavula chipewa n'kuchivalanso. Apongozi anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kulowa m'nyumba. A Ezara, amene anabwera atakonzeka kundiperekeza kwathu, anatola kachubu kaja n'kumakatembenuza, kenako anati, "Inu anthu, tikanathetsa banja chifukwa cha kanthu aka?" Palibe amene anaseka, Achemwali, ndipo ine ndinalira.

Pofika Lamulungu nkhani inali itawanda. Kutchalitchi anyamata ena ankanong'onezana a Levison akudutsa, ndipo wina kumsika anawafunsa mtengo wa shuga. Anabwera kunyumba nkhope ili pansi, koma Lolemba anadzuka n'kupita kuphiri ngati kale. Ndikawaona choncho mtima umandipweteka, chifukwa manyazi amene akusenzawo anawatola okha kuti andichotsere ine.

Mayi muwauze kuti sindikubwerera kumudzi, koma chifukwa chake mungoti ankhoswe anatigwirizanitsa. Za mwana musandifunse msanga, adokotala anati zimenezi sizifuna phuma. Mundipatsire moni alamu ndi ana onse. A Levison akupereka moni, ndipo ndi iwo amene anati ndikulembereni zonse osabisa, popeza inunso munamva zoti ndine wosabereka. Apongozi sanapereke moni, ndipo ine sindiwapekera.

Ndine mng'ono wanu,
Magadalena, mkazi wa a Levison