Ka "za" Kanagwera M'nyanja

Crawley, Perth

Okondedwa achemwali a Ndaona,

Landirani moni wochokera kuno kumathero a dziko. Muli bwanji pamodzi ndi alamu? Nanga mwendo wa amayi uja waphwa? Ine thupi lili bwino, likudwala ndi dzina.

Uthenga wanu ndaumva, woti amayi awaitana ku bwalo la mpingo Loweruka likudzali chifukwa akuti mwana wawo ali ku Australia kuphunzira ufiti. Ndikuuzeni kumene utsiwu unafukira. Tsiku lina titaweruka ku tchalitchi, tikumwa tiyi, mayi Rosebell, akwathu konko ku Mponela amene amagwira ntchito ku Malaga kuno ku Perth, anandifunsa chimene ndimachita ku yunivesite. Ndinayankha kuti ndikuphunzira za ufiti. Mvetsani achemwali: za ufiti. Koma nkhani powoloka nyanja pa foni, ka "za" kaja kanagwera m'madzi, kwanuko n'kufika ufiti wokhawokha.

Zimene ndimawerengazo ndi zakalekale, za azungu opemphera kwadzaoneni otchedwa Apuritani, a ku Salem ku Amereka, m'chaka cha 1692. Atsikana ena atayamba kugwa ndi kukuwa, zala zinaloza amayi osauka ndi okalamba. Umboni wake unali wakuti wina waona mzimu wa mnzake ukumutsina. Wokana ankamunyonga. Wovomera ankamusiya ndi moyo, koma azitchula anzake. Ndinkawerenga ndikuseka, ndimvekere azungu nawonso anali nazo zawo. Pano mano ndabisa.

Kuno zandithina. Ku tchalitchi benchi yonse ndi yanga, ndimakhala motakasuka ngati bwana. Mandasi amene ndinapita nawo ku chiyanjano ndinabwerera nawo onse, ananenepa ndi akhwangwala a ku Crawley. Nditayesa kulongosola, mayi Rosebell anati mfiti sivomera. Nditakhala chete anati mwaona, wasowa chonena. Ndinawaonetsa buku langa kuti adzionere okha, ndaiwala kuti pachikuto pali mayi atakwera tsache. Pemphero linayambira pomwepo.

Ndinakadandaula kwa aphunzitsi anga. Maso awo anawala, akuti nkhani yokoma chonchi ndiiike m'mutu wotsiriza wa kafukufuku wanga.

Mwati ndibwere ndidzadziyankhire ndekha. Achemwali, ndikafika Loweruka lisanakwane adzati ndabwera pa lichero. Ndikapanda kubwera adzati ndabisala. Komanso ndikachoka pano ndisanamalize, sukulu yathera pomwepo. Ndikanakhala nalo licherolo, bwenzi ndikunyowa ndi mvula podikira basi pa Stirling Highway?

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka mupite nawo amayi, mukakhale pambali pawo penipeni, ndipo asakapepese. Mumawadziwa, amapepesa ndi mpando womwe akaugunda. Akulu a mpingo akakangoti pepesani nkhani ithe, amayi akagwada kuti anthu abwerere kwawo mwamtendere. Koma pa mlandu uwu pepani ndi kuvomera, ndipo wovomera amamufunsa amene amauluka naye. Mwanena nokha kuti mwana wa a Francis, oyandikana nafe nyumba aja, akukomokakomoka, ndipo anthu ayamba kale kuyang'ana khomo lathu. Amayi akakapepesa, matendawo asanduka awo. Akakawaumiriza kutchula mnzawo, amene amadya nawo mbale imodzi ndinu. Pa zonse zimene ndawerenga kuno, ichi chokha ndiye ndachidziwa bwino. Akayamba kupinda maondo, muwagwire mkono.

Mundiperekere moni kwa alamu, amalume, azakhali ndi ana onse. Amayi muwauze kuti mwana wawo akadaopabe mdima monga kale. Akulu a mpingowo akakafunsa chimene ndikuphunzira, mukayankhe ndinu, pang'onopang'ono, ka "za" kamveke mpaka kubenchi yakumbuyo.

Ndine mlongo wanu wosauluka,
Norman