Matandala a amayi asachotsedwe

Nouadhibou, 14 Okutobala 2017

Achemwali Codou,

Mtendere ukhale nanu. Kodi muli bwanji kumeneko, ndipo mawondo a amayi ayamba kulola? Ine ndili bwino, kungoti mchere wanding'amba zala, moti kusoka maukonde kukuchedwa.

Pa 9 mwezi uno kunafika msuweni wathu Pathé, amene masiku ano amaperekeza alendo kwa ojambula zithunzi. Anandibweretsera kabuku ka masamba 24 ka mbiri ya mudzi wathu, kamene akonzera chikondwerero cha mu Disembala. Anati ndinyadire, amayi atchuka. Ndakawerenga katatu, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Patsamba 9 pali amayi ali pa matandala awo oyanikira nsomba, ndipo pansi pake alemba kuti akazi a kwathu ku Toundiaw anasiya kuyanika nsomba pamenepo mu 2003. Achemwali, mitengo ya matandalawo ndinazika ndine pa 6 Januwale 2009, kutatsala miyezi iwiri kuti ndinyamuke kubwera kuno. Nsomba zimene amayi ananditumizira mu Ogasiti chaka chino zinauma pomwepo. Nditamufunsa Pathé, anaseka nati ine ndinameza kalendala ndili mwana, ndipo alendo sabwera kudzawerenga zaka. Ndinamuuza kuti alendo sawerenga, koma ogawa malo amawerenga. Apo anayamba kufunsa ngati tiyi wapsa.

Inu mukukumbukira mmene zinayambira. Wojambula woyamba anafika mu 1986, bambo n'kumupatsa chipinda chakuseri. Anali munthu wabwino, ankadya nafe mpunga m'mbale imodzi. Anzake anatsatira, kenako sukulu yovina, kenako nyumba zogona alendo. Mu Epulo 1997 obwerawo anapempha asodzi kuti asunthe mabwato padoko la kumpoto kwa mlungu umodzi wokha, ati kuli gule wa pamchenga. Bambo anakoka nawo bwato lathu, ine ndili ndi zaka 15. Mlunguwo sunathebe mpaka lero. Mu 1999 panamangidwa mpanda, ndipo kabukuka patsamba 7 kakuti asodzi anachokapo okha.

Tsopano Pathé akuti Mayi Solange, amene akuyendetsa chikondwererochi, apempha amayi kuti achotse matandala kuyambira pa 3 mpaka pa 12 Disembala, chifukwa fungo ndi ntchentche zikuvutitsa alendo. Akuti awasokera chovala chatsopano ndipo amayi adzakhala pampando ojambula asanu n'kumawajambula. Amayi akuti avomera mokondwa, ati kwa zaka 40 palibe anawauzapo kuti akhale pansi. Izi zandikhudza, sindibisa.

Mwina ndikuwaganizira zoipa anthu osalakwa. Mayi Solange sindinawaonepo, ndipo ndikudziwa kuti mwana wanu Yacine sukulu akuilipira ndi mikanda imene amagulitsa kwa alendo omwewo. Koma kabuku kanena kale kuti malowo anasiyidwa zaka 14 zapitazo. Chatsala n'chakuti munthu adzajambule mchenga wopanda kanthu, ndipo amayi alibe pepala lililonse la malowo. Umboni wawo ndi nsomba zimene zili pamenepo basi. Ndinafunsanso Pathé kuti matandalawo akawasunga kuti masiku khumiwo, ndipo adzawabwezeretsa ndani. Anati ndimafunsa ngati wapolisi, n'chifukwa chake ndilibe mkazi.

Pempho langa ndi limodzi. Matandala asachotsedwe ngakhale tsiku limodzi, ndipo asagone opanda nsomba. Ndikudziwa kuti nyanja yauma kumeneko, choncho ndapatsira dalaivala Ngalla matumba awiri a nsomba zothira mchere. Anyamuka pa 20, afika pa 22. Muziyala pang'onopang'ono kuti zikwane. Ofuna kujambula amayi awajambule ali pantchito yawo, chovala chatsopanocho atavala. Muwauze mofatsa, asaone ngati ndikuwalanda ulemu wawo.

Abwana anga akuti ndikachoka nyengo ino, malo anga apatsa wina. Ndawamva. Koma ndikapanda kulandira yankho lanu pofika pa 15 Novembala, ndidzakwera galimoto pa 28, ndidzakhale pa matandalapo ndekha mpaka alendo atapita.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga a Mbaye, kwa azakhali a Rokhaya, ndi kwa Yacine. Pathé mumupatse moni, koma kalatayi musamuwerengere.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Libasse Thiaw